Karkidakam, Mwezi wa Galu Wakuda ku Kerala

Kuno kwathu Julayi ndi mwezi wa chiperoni ndi milomo yosweka. Chimanga chili m'matumba, ndipo za njala sitikamba kaye. Koma lero ndikufuna tiwoloke nyanja, tikafike ku Kerala, chigawo cha kummwera chakumadzulo kwa dziko la India, kumene Julayi yemweyu amabwera ndi mvula yosalekeza, ndipo akuluakulu amamutchula ndi mantha komanso ulemu.

Kerala ndi kadera kakang'ono kotalika ngati lamba. Kukula kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a Malawi, koma kalembera wa 2011 anapezako anthu opitirira 33 miliyoni. Kummawa kuli mapiri a Western Ghats, kumadzulo kuli nyanja ya Arabia. Chakumayambiriro kwa Juni mphepo imachokera kunyanjako itasenza mitambo, ikagunda mapiri aja imakhuthula zonse. Pachaka kumagwa mvula yokwana mamilimita pafupifupi 3,000. Ku Lilongwe, chaka chabwinobwino, sitifika ndi 1,000 yomwe.

Anthu akumeneko amayankhula Chimalayalam, ndipo ali ndi kalendala yawoyawo yotchedwa Kollavarsham, imene inayamba kuwerengedwa m'chaka cha 825 ndipo dzina lake likuchokera ku mzinda wa Kollam. Kalendala imeneyi imatsata dzuwa, ndipo miyezi yake inatenga maina a magulu a nyenyezi amene dzuwa limadutsamo. Woyamba ndi Chingam, kutanthauza mkango, umene umayamba pakati pa Ogasiti. Wotsiriza ndi Karkidakam, kutanthauza nkhanu, umene umayamba cha pa 16 kapena 17 Julayi n'kutha pakati pa Ogasiti. Nkhani yathu ndi ya nkhanuyo.

Dzina lina la mwezi umenewu ndi panja masam, mwezi wa usiwa. Ena amautcha kalla Karkidakam, Karkidakam wakuba. Chifukwa chake mlimi aliyense amene akundimvera achimvetsa ndisanamalize n'komwe. Mpunga woyamba amaufesa mu Epulo ndi Meyi, ndipo umacha mu Ogasiti ndi Seputembala. Ndiye kuti Karkidakam amapeza mpunga uli wobiriwira m'munda, pamene pathayam, chibokosi chathabwa chimene chili nkhokwe ya kumeneko, chikulira ng'oma ukachigogoda. Ndi Febuluwale wathu ndendende: kunja kobiriwira kosangalatsa maso, m'nyumba galu wakuda atagona pakhomo.

Ndipo galuyo sankaluma onse mofanana. Kale minda yambiri inali m'manja mwa mabanja ochepa a mitundu yapamwamba ndi akachisi. Amene ankagwira khasu anali anthu a mitundu yonyozedwa, olipidwa ndi muyeso wa mpunga wosapuntha tsiku limene agwira ntchito. Mvumbi ukakhazikika, ganyu palibe, muyesowo palibenso. Msodzi sangaponye bwato panyanja yolusa. Wokwera mitengo ya kokonati amauyang'ana mtengo woterera n'kubwerera. Denga la masamba a kokonati likudontha, nkhuni zanyowa, ana akutsokomola. Ankadya zimene anabisa nthawi ya zipatso: nthangala za jackfruit, chipatso chachikulu ngati dzungu chimene chimabereka pathunthu la mtengo, mkati mwa nthangala za mango, masamba ndi mapesi a koko. Kenako kunabwera chinangwa. Mfumu Visakham Thirunal, imene inalamulira Travancore, ufumu wakale wa ku Kerala, kuyambira 1880 mpaka 1885, imakumbukiridwa kuti ndiyo inalimbikitsa anthu kudzala chinangwa pothawa njala. Anzathu a ku Nkhata Bay sadabwa kumva kuti mpaka lero chinangwa chophika chodyera nsomba ndi chakudya chonyaditsa ku Kerala.

Tsono mukawerenga zimene zimalembedwa za mwezi umenewu masiku ano, mumva zakuti ndi mwezi woyera, mwezi wa mapemphero, mwezi wotsuka thupi. Zonsezo n'zoona. Koma ine ndikaunika miyambo yake umodziumodzi, pansi pa uliwonse ndimapezapo mimba yopanda kanthu. Ndi njala imene inavekedwa nsalu yopatulika kuti anthu athe kukhala nayo m'nyumba imodzi kwa mwezi wathunthu osapenga.

Taonani mmene amaulandirira. Madzulo a tsiku lomaliza la Mithunam, mwezi umene umatsogolera Karkidakam, amayi amasesa nyumba yonse, akangaude ndi mwaye zomwe. Zinyalalazo amaziika m'phale kapena m'lichero lakutha pamodzi ndi tsache lakale, munthu mmodzi n'kuzinyamula kukataya kunja kwa mpanda, enawo akumukuwiza. Akuthamangitsa Chetta, mulungu wamkazi wa umphawi ndi uve, kuti alowe Sheepothi, mulungu wamkazi wa mwayi ndi chuma. Mmawa uliwonse wa mweziwo amayala kathabwa koyera, n'kuikapo nyali, kalilole, madzi ndi timasamba khumi tamankhwala totchedwa dasapushpam. Tangoganizani: umphawi akuupirikitsa usiku womwewo umene akudziwa bwino kuti ukulowa. Munthu wa zaumoyo anganene kuti kusesa koteroko nyengo ya matenda isanafike ndi nzeru chabe. Sakunama. Koma palibe mayi amene angadzutse banja lonse kusesa ndi mawu akuti ukhondo. Ukati tikuthamangitsa tsoka, ngakhale waulesi amagwira tsache.

Mwambo wodziwika kwambiri ndi wowerenga Ramayana, mwakuti ambiri amangoti mwezi wa Ramayana. Dzuwa likalowa, m'mabanja a Chihindu amayatsa nilavilakku, nyali yamkuwa yaitali yoyakira mafuta ndi tizingwe tathonje, munthu n'kukhala pansi kutsogolo kwake kuwerenga mokweza, moimba. Amayamba tsiku loyamba la mwezi, ndipo amayesetsa kuti pofika tsiku lomaliza akhale atamaliza. Buku lake si la Chisanskrit cha ansembe ayi. Ndi Adhyatma Ramayanam Kilippattu, limene analemba Thunchath Ezhuthachan cha m'zaka za m'ma 1500, munthu amene Amalayali amamutcha tate wa chiyankhulo chawo. Mawu akuti kilippattu akutanthauza nyimbo ya mbalame, chifukwa mlembiyo anaika nkhani yonse m'kamwa mwa chinkhwe. Kwawo ku Tirur, pamalo otchedwa Thunchan Parambu, makolo amapitabe ndi ana awo kuti akalembe chilembo chawo choyamba.

Nanga bwanji nkhani ya Rama, osati ina? Ndi nkhani ya mwana wa mfumu amene analandidwa ufumu tsiku loti alongedwe, n'kukhala m'nkhalango zaka 14, mkazi wake Sita n'kubedwa. Muli ndime imene Rama amakhala paphiri nyengo yonse ya mvula, osatha kupita kukafuna mkazi wake, akungodikira kuti kuche. Munthu amene wakhala m'nyumba yodontha, atadya masamba okhaokha, akamva kuti ngakhale mulungu anadikirapo mvula ali wosweka mtima, usiku umafupika. Owerenga ambiri amasamala kuti asalekezere pa ndime ya imfa, nkhondo kapena maliro. Amapitiriza mpaka afike pabwino, ndiye n'kutseka buku. Kamwambo kameneka ine kamandigwira mtima. Wogona ndi njala usamugonekenso ndi nkhani yachisoni.

Ndinenepo kuti kuwerengaku kunali kwa nyumba zimene munali wodziwa kuwerenga ndi mafuta a nyali. Kufalikira kwake ngati mwambo wa chigawo chonse, wa m'makachisi ndi pazimkuzamawu, n'kwaposachedwa: mabungwe a Chihindu ndiwo anakulimbikitsa m'zaka za m'ma 1980. Lero pali ulendo wotchuka wa Nalambalam, woyendera tsiku limodzi akachisi anayi a Rama ndi abale ake: Rama ku Triprayar, Bharata ku Irinjalakuda, Lakshmana ku Moozhikkulam ndi Shatrughna ku Payammal. Mabasi amadzaza, maambulera ali ngwengwengwe pamzere.

Kumpoto, m'maboma a Kannur ndi Kasaragod, muli mwambo wina umene umaonetsa poyera chimene ndikunenachi. Mwana wamng'ono amamupaka nkhope, kumuveka zofiira ndi chisoti chonyezimira, n'kumayenda naye khomo ndi khomo mumvula, wamkulu akumuimbira ng'oma. Amatchedwa Aadi kapena Vedan, ndipo pa nthawiyo sakhala mwana wamba: waimirira milungu Parvati ndi Shiva. Akavina pabwalo, eni nyumba amathira pansi madzi osakaniza ndi chikasu ndi laimu kapena phulusa, kuti matenda ndi tsoka zichoke. Kenako amapereka mpunga, ndiwo ndi kandalama. Ovinawo ndi a mitundu ya Malayan ndi Vannan, imene kale inalibe minda. Mwa njira imeneyi mpunga unkatuluka m'nkhokwe ya mwini munda kupita mumphika wa wosauka, wosaukayo osagwada kupempha. Wabwera ndi mulungu pakhomo, ungamubweze chimanjamanja?

Tsiku lalikulu koposa m'mwezi wonsewu ndi Karkidaka Vavu, tsiku limene mwezi wakumwamba uli mumdima. Ahindu amakhulupirira kuti kuyambira Karkidakam, dzuwa likayamba ulendo wolowera kummwera, kwa milungu kwayamba kuda, ndipo imeneyi ndi nthawi ya makolo amene anatsogola. Ndiye patsikuli amapita kukawadyetsa.

Tiyeni tiime pang'ono pagombe la Papanasam ku Varkala, kusanache. Kumwamba kuli bii, mvula ikuwaza, mafunde akuwomba pansi pa phompho la dothi lofiira. Anthu zikwizikwi akhala m'mizere pamchenga wonyowa. Dzulo lake anadya mpunga kamodzi kokha. Asamba kale, nsalu zili chonyowa, amuna ali chifuwa pamtunda. Aliyense ali ndi tsamba la nthochi patsogolo pake, ndipo pachala wavala mphete yoluka ndi udzu wotchedwa darbha. Wansembe akutchula mawu, iwo akubwereza. Amaumba mpunga ngati mbamu, kuwazapo chitowe chakuda, timaluwa ndi madzi, uku akutchula mumtima bambo, mayi, agogo, ndi ena amene maina awo anaiwalika. Akatha amasenza tsambalo pamutu, kulowa m'madzi n'kulisiya kuti lipite.

Amene achitira mwambowu pakhomo amaika mpungawo pabwalo, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, kuomba m'manja monyowa kuitana akhwangwala. Inde, khwangwala yemweyu amene ife timamugenda akamazungulira anapiye. Kumeneko amati makolo amabwera kudzadya kudzera mwa iye. Akatera msanga n'kujompha, banja limapuma: alandira. Akachedwa, akungoyang'ana ali pamtengo, mitima imakhala m'mwamba, wina n'kuyamba kudzifunsa chimene anawalakwira amayi ake asanamwalire.

Zomwezi zimachitika ku Aluva m'mbali mwa mtsinje wa Periyar, ku Thirunavaya pamtsinje wa Bharathapuzha, ku Thiruvallam pafupi ndi Thiruvananthapuram, ndi ku Thirunelli m'mapiri a Wayanad. Ife amene tinakula tikuona agogo akuthira ufa patsinde la mtengo sitifunika kutanthauziridwa zambiri. Chimene chimandidabwitsa ndi nthawi yake. Ife nsembe zathu zambiri ndi mowa wokumbukira akufa timachita tikakolola, chakudya chilipo. Iwo anasankha pakatikati pa njala, pamene dzanja limodzi la mpunga ndi chakudya cha mwana, n'kulipereka kwa khwangwala. Mwina m'mwezi umene anthu ankafa kwambiri, akufa sankakhala patali.

Pankhani ya chakudya, mwezi uno uli ndi phala lakelake, karkidaka kanji. Amaphika ndi mpunga wofiira wotchedwa njavara, umene umacha m'masiku pafupifupi 60, n'kuthiramo mkaka wa kokonati, shuga wakuda wosayenga, jinja wouma, tinjere ta uluva ndi jeerakam, ndi mizu ina yamankhwala. Amamwa madzulo kwa masiku asanu ndi awiri, ena kuposerapo. Phala limeneli silisankha chipembedzo. Ku Kerala munthu mmodzi mwa anayi ndi Msilamu, ndipo Akhristu ndi pafupifupi mmodzi mwa asanu. Ambiri mwa iwo amamwa nawo. Palinso ndiwo ya masamba khumi, pathila, imene mndandanda wake umasiyana dera ndi dera, koma simulephera kupezamo nkhwani, chitambe, bonongwe ndi masamba a koko. Lero akatswiri amaiyamikira kuti ili ndi michere. Agogo awo ankadya chifukwa ndi zokhazo zimene zinkamera kuseri kwa nyumba. Chodabwitsa n'chakuti chamwamba, amene amamudya chaka chonse, m'mwezi uno ambiri samukhudza, amati masamba ake amawawa ndipo sakhala bwino m'thupi. A ku Nsanje ndi Chikwawa, mundiuze ngati munamvapo zoterezi.

Asing'anga a Ayurveda, mankhwala achikhalidwe a ku India, amati nyengo yamvula thupi limafewa ndipo limalandira bwino mankhwala, choncho uno ndi mwezi wodzozedwa mafuta ofunda ndi kuthowedwa ndi timatumba ta mpunga wa njavara. Zipatala zawo, monga Arya Vaidya Sala ya ku Kottakkal imene anayambitsa P. S. Varier mu 1902, n'zodziwika mpaka kunja. Ngakhale njovu zimapuma. Za kukachisi wa Guruvayur zimapatsidwa mwezi wathunthu wa chakudya chapadera ndi mankhwala, ndipo ku Thrissur, pakachisi wa Vadakkunnathan, tsiku loyamba la Karkidakam amandandalika njovu n'kumazidyetsa mibulu ya mpunga wosakaniza ndi shuga wakuda ndi mafuta a mkaka, nzimbe ndi zipatso, khamu likuonerera. Maukwati, kulowa nyumba yatsopano, kuyamba bizinesi, zonsezi zimadikira Chingam. Amati mweziwu ndi watsoka. Komanso ndani akanaitana mudzi kuphwando nkhokwe ili pululu?

Njala ija lero kulibe, ndipo tisachite manyazi kunena chimene chinaichotsa, chifukwa si mapemphero okha. Lamulo losintha umwini wa malo linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1970, olima minda ya eni n'kukhala eni ake, ndipo antchito ambiri anapatsidwa kamalo pamene panali tinyumba tawo. Boma linafalitsa masitolo ogulitsa mpunga motchipa pakhadi mpaka kumidzi. Kuyambira m'ma 1970 anyamata anakhamukira ku Dubai, Saudi Arabia, Kuwait ndi maiko ena a kumeneko, n'kumatumiza ndalama kumudzi. Denga la masamba linasanduka la konkire. Phala la osauka lija tsopano limagulitsidwa m'mapaketi okongola m'masitolo, ndipo mahotela amaitana alendo a ku Ulaya kuti adzadzozedwe mafuta mvula ikugwa pawindo. Sindikudandaula. Kuli bwino mwana adziwe Karkidakam ngati kakomedwe ka phala kusiyana ndi kumudziwa ngati kulira kwa m'mimba.

Koma wakuba uja sanapite. Anangosintha chimene amaba.

Mu Julayi 1924 mvula inagwa kwa milungu itatu, madzi n'kumiza mbali yaikulu ya dzikolo, mpaka kukokolola njanji ya sitima kumapiri a tiyi ku Munnar. Pakalendala yawo chinali chaka cha 1099, ndipo mpaka lero amati chigumula cha 99. Okalamba ankawerengera zaka zawo kuchokera pamenepo, monga mmene agogo athu ankachitira ndi njala ya 1949. Mu 2018, masiku omaliza a Karkidakam, madamu anadzaza mpaka akuluakulu anatsegula zitseko zonse zisanu za damu la Cheruthoni ku Idukki. Anthu opitirira 400 anafa, opitirira miliyoni imodzi anathawira m'misasa, bwalo la ndege la Kochi linatsekedwa kwa milungu iwiri, ndipo boma linaimitsa zikondwerero za Onam, mwambo waukulu wa m'mwezi wa Chingam. Amene anapulumutsa anthu ambiri anali asodzi, amene anakweza mabwato awo pamalole n'kukawayendetsa m'misewu ya m'tauni.

Chaka chotsatira, pa 8 Ogasiti 2019, mapiri anagumuka ku Kavalappara ndi Puthumala. Pa 6 Ogasiti 2020 zinachitikanso ku Pettimudi, n'kukwirira nyumba za antchito a m'minda ya tiyi. Ndipo usiku wa pa 30 Julayi 2024, ku Wayanad, phiri linatsika ndi matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba, n'kufafaniza midzi ya Mundakkai ndi Chooralmala anthu ali m'tulo. Anafa opitirira 200. Masiku onsewa ali mkati mwa Karkidakam. Ndipo chaka cha 2024 chija, pakalendala yawo chinali 1199: zaka 100 zenizeni chichitikire chigumula cha 99. Wogumula mapiri chotere ife timamutcha Napolo. A ku Phalombe anamuona mu 1991, a ku Chilobwe anamuona akutsika m'phiri la Soche mu Malichi 2023, ndipo safuna kuuzidwa mmene phokoso lake limamvekera.

Mvula yamasiku ano ikugwa yambiri pa nthawi yochepa, izi akatswiri a zanyengo akunena. Koma palinso dzanja la munthu. M'ma 1970 Kerala inali ndi minda ya mpunga yopitirira mahekitala 800,000. Lero yatsala pafupifupi 200,000, ndipo mpunga wambiri umene amadya umachokera ku zigawo zina za India. Minda ija inali madambo osunga madzi. Yambiri anaikwirira n'kumangapo nyumba ndi ndalama za ku Dubai zomwe zija. Madzi saiwala khwawa. M'mapiri muli migodi ya miyala, misewu ndi malo ogona alendo pamalo otsetsereka. Mu 2011 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Madhav Gadgil linachenjeza kuti mbali zambiri za Western Ghats n'zosalimba ndipo zitetezedwe. Andale ndi alimi a m'mapiri analikana lipotilo mwamphamvu, poopa kutaya malo ndi ntchito. Mantha awo ndikuwamvetsa. Koma taonani amene anakwiririka ku Pettimudi: othyola tiyi, okhala m'nyumba za mdadada za kampani. Galu wakuda uja akudziwabe khomo limene amalowera.

Mweziwu usanathe, mdima wa vavu ukadutsa, pamakhala mwambo wotchedwa illam nira kapena niraputhari. Mwini nyumba amasamba mmamawa, kupita kumunda, kudula ngala zoyamba za mpunga, kuzisenza pamutu n'kubwera nazo kunyumba, a m'banja akumulandira ndi nyali, onse akufuula kuti kudzaze: nyumba idzaze, dengu lidzaze, nkhokwe idzaze. Ngalazo amazimanga pamodzi ndi masamba a mango ndi a mitengo ina, n'kuzipachika pakhomo ndi pa pathayam, ndipo zimakhala pomwepo mpaka chaka chamawa. Timpunga tatsopano pang'ono amatiponya mumphika wa tsikulo. Ngakhale kachisi wa ku Sabarimala, amene satsegulidwa masiku onse, amatsegulidwa chifukwa cha mwambowu.

Masiku ano mabanja ambiri alibe munda woti akadulemo ngala, ndipo pathayam anagulitsa kalekale kwa ogula zinthu zamakedzana. Ndiye amapita kukachisi, wansembe n'kuwagawira ngala ziwiri kapena zitatu zodalitsidwa. Bambo amazikulunga bwinobwino kuti zisanyowe, kukwera njinga yamoto kapena basi, kukafika kunyumba yake yosanja n'kuzikoleka pamsomali pamwamba pa chitseko, pafupi ndi belu lamagetsi. Masiku ochepa pambuyo pake Chingam amalowa, ana n'kuyamba kuthyola maluwa a Onam.